PrEP kwa Achinyamata: Kuyamba Kwake, Kamwedwe Kake ndi Kasiyidwe Kake

Pakhonde la chipatala, pa WhatsApp, ngakhale misonkhano ya m'masukulu ikatha anthu akubalalika, funso limakhala lomwelo: "Kodi mapiritsi aja akuti amateteza ku HIV ndi oona? Nanga munthu amawapeza bwanji?" Dzina lakuti PrEP ambiri analimva. Koma mukafunsa kuti mankhwalawa amayamba kuteteza tsiku liti, amasiyidwa motani, kapena munthu angatani mayi ake atalipeza botolo m'chikwama, chipinda chonse chimangoti zii. Pamenepo ndi pamene achinyamata ambiri amagwera, n'chifukwa chake talemba zonse pamalo amodzi.

PrEP ndi mankhwala omwe munthu amene alibe kachilombo ka HIV amalandira asanakumane nako, kuti kakalowa kasakhazikike. Piritsi lake lili ndi mankhwala awiri: tenofovir wa mamiligalamu 300 ndi lamivudine wa mamiligalamu 300, kapena emtricitabine wa mamiligalamu 200 m'malo mwa lamivudine. HIV ikalowa m'thupi imafunafuna asilikali a m'thupi otchedwa CD4, n'kulowamo kuti izichulukana. Mankhwala akakhala kuti alimo kale mokwanira, amatsekereza ntchito yochulukanayo ndipo kachilomboko kamathera pomwepo. Zili ngati neti ya udzudzu: imathandiza ngati yakungidwa musanagone. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mapiritsiwa kwa onse omwe ali pachiopsezo chachikulu mu 2015, ndipo munthu akamamwa mwandondomeko, chiopsezo chotenga HIV pogonana chimatsika ndi pafupifupi 99 peresenti.

Chifukwa chimene timalimbikira kulankhula ndi achinyamata, makamaka atsikana, chili m'manambala. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti anthu 8.9 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo m'Malawi ali ndi kachilomboka, amayi 10.5 ndipo abambo 7.1. Bungwe la UNAIDS linawerengera kuti mu 2023 atsikana ndi amayi achichepere a zaka 15 mpaka 24 okwana 4,000 ankatenga HIV sabata iliyonse padziko lonse, ndipo 3,100 mwa iwo anali a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara.

1. Siyanitsani PrEP, PEP ndi ma ARV

Maina awiri oyambawo amamveka mofanana, ndipo kuwasokoneza kwapweteketsa anthu.

PrEP ndi ya munthu wopanda kachilombo, ndipo imayambidwa zinthu zisanachitike. PEP ndi ya pangozi, zinthu zitachitika kale: kondomu yaphulika, mwagonana mosadziteteza ndi munthu amene simukudziwa za magazi ake, kapena mwagwiriridwa. PEP iyenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira n'kofunika, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Imamwedwa masiku 28 osadumphitsa, ndipo imakhala ya mankhwala atatu. Ma ARV ndi a munthu amene wapezeka nako kachilombo, ndipo amamwedwa moyo wonse.

Ngati mukuwerenga izi chifukwa cha zimene zachitika usiku wathawu, siyani kaye nkhani ya PrEP. Pitani kuchipatala lero lomwe mukanene kuti mukufuna PEP. Amene wagwiriridwa asadikire kalata ya apolisi kuti alandire mankhwala. M'zipatala zikuluzikulu muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene chithandizo cha mankhwala, uphungu ndi apolisi zimapezeka pamalo amodzi. Mukamaliza PEP magazi n'kupezeka ali bwino, mutha kulowa pa PrEP tsiku lotsatira popanda kupuma.

2. Dzifunseni nokha, moona mtima

Simukuyenera kukhala "woyendayenda" kuti PrEP ikuyenereni. Atsikana ambiri amene amatenga HIV amakhala ndi chibwenzi chimodzi chokha. Ganizirani za PrEP ngati chimodzi mwa izi chikukukhudzani: simukudziwa za magazi a bwenzi lanu ndipo akukana kukayezetsa, mukukayikira kuti ali ndi ena, muli ndi zibwenzi zoposa chimodzi, bwenzi lanu ndi wamkulu kwambiri kuposa inu, aja timawatcha zidyamakanda, ndipo nkhani ya kondomu imathera pa mawu akuti switi sadyera m'pepala, mumalandira ndalama, foni kapena fizi posinthana ndi kugonana, mwadwalapo matenda opatsirana pogonana miyezi yapitayi, mwamwapo PEP kangapo, mumagonana mutaledzera, kapena ndinu mnyamata amene mumagonana ndi amuna anzanu.

Palinso amene bwenzi lawo lili ndi kachilombo. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizilombo tosaonekanso poyeza sapatsira mnzake pogonana, ndipo ndiwo uthenga wa Tizirombo Tochepa = Thanzi. Koma ngati wangoyamba kumene mankhwala, amadumphitsa, kapena simunaone ndi maso anu zotsatira za kuchuluka kwa tizilombo m'magazi ake, PrEP ndi yanu mpaka zimenezo zitalongosoka.

3. Pitani kumene imaperekedwa, ndipo konzekerani chonena

M'zipatala za boma PrEP ndi yaulere. Yambani ndi chipatala cha boma chachikulu cha m'boma lanu kapena helefi senta yapafupi, ndipo funsani ngati pali malo kapena tsiku la achinyamata. Mabungwe monga Lighthouse, MACRO ndi FPAM amagwira ntchito za HIV ndi uchembere, ndipo angakuuzeni kumene ikupezeka. Kupezeka kwake kunasokonekera m'malo ena kuyambira mu 2025 thandizo lochokera ku America litachepa, choncho mukauzidwa kuti kulibe, musabwerere chimanjamanja: funsani chipatala china chimene ili. Lamulo la HIV la 2018 limalola munthu wa zaka 13 kuyezetsa magazi popanda chilolezo cha makolo, ndipo PrEP imaperekedwa kuyambira zaka 15.

Ambiri amafika pakhomo la chipinda n'kusowa poyambira, mapeto ake amanena kuti mutu ukuwawa n'kutuluka ndi panado. Chiganizo chimodzi n'chokwanira: "Anamwino, ndabwera kudzafunsa za PrEP." Pamzere wakunja simukuyenera kufotokozera aliyense, ingofunsani kuti, "Koyezetsa magazi ndi kuti?" Mukakumana ndi wachipatala amene wayamba kukukalipirani kuti mwana wamng'ono ngati inu mukufunanji, dziwani kuti walakwa ndi iyeyo. Pemphani kuonana ndi wina, kapena pitani chipatala china. Zimene mwakambirana m'chipindamo ndi zachinsinsi. Ngati kabuku kanu ka kuchipatala kamasungidwa ndi makolo, nenani zimenezo asanalembemo kanthu.

Musagule PrEP pamsika kapena kugolosale, ndipo musapemphe mapiritsi a mnzanu, ngakhale ma ARV a wachibale. Chifukwa chake chili mu sitepe yotsatirayi.

4. Yezetsani magazi, ndipo nenani zoona za masabata apitawa

Palibe amene amayamba PrEP asanayezetse. Amakubayani pachala, ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 mpaka 20. Koma kachipangizo koyezerako sikaona kachilombo kenikeniko, kamaona zimene thupi limapanga polimbana nako, ndipo thupi limatenga masabata angapo, nthawi zina mpaka miyezi itatu, kuti lipange zokwanira kuoneka. Munthu amene watenga HIV masabata awiri apitawo akhoza kuuzidwa kuti alibe.

Vuto lake ndi ili: PrEP ili ndi mankhwala awiri okha, pomwe munthu amene ali ndi kachilombo amafunika atatu. Mukamamwa awiriwo kachilombo kali kale m'thupi, sikafa, m'malo mwake kamazolowera mankhwalawo n'kuyamba kusawamva. Ndipo tenofovir ndi lamivudine ndi omwenso ali m'ma ARV amene mungadzawafune moyo wanu wonse.

Choncho anamwino akafunsa kuti munagonana liti komaliza popanda kondomu, si miseche ayi. Ngati ndi mkati mwa maola 72, akupatsani PEP. Ngati papita masabata awiri kapena anayi ndipo mwakhala mukumva kutentha thupi, zilonda zapakhosi, totupa pakhungu, anabele m'khosi kapena m'khwapa, kuphwanya thupi ngati malungo koma malungo osapezeka, nenani. Zizindikiro zimenezi zimatha kukhala za HIV yongolowa kumene, ndipo angakuuzeni kuti mudikire, muzigwiritsa ntchito kondomu, mudzayezetsenso pakapita masabata anayi. Ngati palibe zizindikiro, nthawi zambiri mumayamba tsiku lomwelo n'kudzayezetsanso pakatha mwezi.

Auzeninso ngati muli ndi vuto la impso, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, chifukwa tenofovir amatuluka kudzera mu impso ndipo angafune kuyeza magazi. Kwa wachinyamata wosakwana zaka 30 wopanda matenda amenewa, kuyeza impso sikuyenera kuchedwetsa kuyamba. Auzeni ngati munapezekapo ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, kapena mukumwa mankhwala a TB. Kukhala ndi pakati kapena kuyamwitsa sikuletsa mapiritsi a PrEP. Ndipotu nthawi imeneyo mayi amatenga HIV mosavuta, ndipo akaitenga ali ndi pakati kapena akuyamwitsa, mwana amakhala pachiopsezo chachikulu.

5. Sankhani mtundu umene mungaukwanitse

Mapiritsi ndi amene amapezeka m'zipatala zambiri. Piritsi limodzi tsiku lililonse.

Jakisoni wa cabotegravir amabayidwa pathako. Woyamba, wachiwiri pakatha mwezi umodzi, kenako pa miyezi iwiri iliyonse. Anayamba kuperekedwa m'zipatala zina za ku Blantyre ndi Lilongwe mu 2024. Amayi a kuno ku Malawi anatenga nawo mbali pa kafukufuku wa HPTN 084, amene anapeza kuti amayi obayitsa jakisoniyu anatenga HIV ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene anapatsidwa mapiritsi, makamaka chifukwa jakisoni saiwalika m'mawa uliwonse. Pobayidwapo pamawawa masiku angapo.

Lenacapavir ndi jakisoni wa kawiri pachaka, wobayidwa pansi pa khungu la pamimba, ndipo poyamba amatsagana ndi mapiritsi a masiku awiri. Pa kafukufuku wa PURPOSE 1 ku South Africa ndi Uganda, mwa atsikana ndi amayi achichepere oposa 2,000 amene anamulandira, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi HIV pamene zotsatira zinkalengezedwa mu 2024, ndipo WHO inamuvomereza mu 2025. Pobayidwapo pamatha kutsala kachotupa kolimba kwa miyezi ingapo. Funsani ngati wafika pachipatala chanu.

Palinso kamphete kofewa ka dapivirine kamene mkazi amadziika yekha kumaliseche n'kukasintha pakatha masiku 28. Chitetezo chake n'chocheperapo poyerekeza ndi mapiritsi omwedwa bwino kapena jakisoni, koma kwa mtsikana amene sangathe kusunga botolo pakhomo n'kabwino kuposa kukhala chabe.

Majakisoni onse awiri sagwirizana ndi rifampicin, mankhwala a TB, amene amawachepetsa mphamvu. Maganizo athu ndi awa: ngati mukudzidziwa kuti ngakhale mankhwala a malungo a masiku atatu simumaliza, ndipo jakisoni alipo, sankhani jakisoni.

6. Werengani masiku 7 musanadalire mapiritsi

Kulakwitsa kofala kwambiri ndi kumeza piritsi limodzi madzulo a Lachisanu popita kokasangalala n'kumaganiza kuti mwatetezeka. Mankhwalawa amafunika nthawi kuti adzaze m'minyewa ya kumaliseche. Mtsikana amwe masiku 7 motsatizana asanayambe kuwadalira, ndipo m'masiku amenewo agwiritse ntchito kondomu kapena adikire. Akayamba Lolemba, awerenge mpaka Lamlungu.

Anyamata ena anamva za njira ya 2-1-1: mapiritsi awiri pakati pa maola 2 ndi 24 musanagonane, limodzi patatha maola 24 kuchokera pa awiri aja, lina patathanso maola 24. Njira imeneyi ndi ya amuna okha. Kwa atsikana sigwira ntchito, chifukwa mankhwala amachedwa kukwanira m'minyewa ya kumaliseche kwa mkazi. Ngakhale mnyamata asaiyambe payekha asanakambirane ndi achipatala, ndipo amene amagonana kangapo pasabata ndi bwino angomwa tsiku ndi tsiku.

Nthawi yomwera sankhani nokha, koma muimangirire ku chinthu chimene simuiwala: kutsuka mano, kutchaja foni usiku, kapena chakudya chamadzulo. Alamu ya pafoni ipatseni dzina limene wina akaliona sangadziwe kanthu. Piritsi limamwedwa mutadya kapena musanadye. Mowa suchotsa mphamvu ya PrEP, ndiye musadumphitse chifukwa mukupita kokamwa, imwani musananyamuke. Sisokonezanso njira zolera, kaya Depo, mapiritsi, kapena zoika pamkono monga Implanon ndi Jadelle, ndipo siwononga mphamvu yobereka ya mwamuna kapena mkazi.

Munthu mmodzi mwa khumi amamva nseru, mutu, chizungulire kapena kutsegula m'mimba poyamba. Zimenezi zimatha zokha m'masabata ochepa, kawirikawiri mwezi usanathe. Kumwa mutadya nsima madzulo, pafupi ndi nthawi yogona, kumathandiza kwambiri. Mukasanza pasanathe ola limodzi, makamaka mukaliona piritsilo, imwani lina. Koma totupa thupi lonse, kutupa nkhope kapena miyendo, maso achikasu, kapena kusanza kosalekeza ndi zofunika kubwerera nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

PrEP imateteza ku HIV yokha. Chindoko, chinzonono ndi mimba zimabwera monga mwa nthawi zonse, choncho kondomu ndi kulera zikadali ndi malo ake.

7. Konzani za botolo musanafike nalo kunyumba

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadutsa mothamanga, koma ndi pamene PrEP ya achinyamata imafera. Ena amene amasiya mwezi woyamba sasiya chifukwa cha nseru. Amasiya chifukwa botolo lilibe pokhala.

Kafukufuku wa VOICE, amene anachitika pakati pa amayi oposa 5,000 ku South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, anaonetsa poyera kuti kulandira mapiritsi n'kosiyana ndi kuwamwa. Amayi ambiri ankanena kuti akumwa mapiritsi, koma atayeza magazi, mankhwala ankapezeka mwa osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ocheperako zaka ndiwo ankamwa mochepa kwambiri. Mapiritsi amene ali m'chikwama sateteza munthu.

Botolo la PrEP limafanana ndi la ma ARV. Mapiritsi ndi aakulu, maina olembedwapo ndi omwe anthu anazolowera kuwaona pa ma ARV, ndipo mukamayenda limachita phokoso lija aliyense amalidziwa. Kugonero kwa atsikana asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, kapena pakhomo pamene mumagona ndi ang'ono anu, phokoso limenelo n'lokwanira kuyambitsa mphekesera. Ndiye chitani izi.

Ikani thonje loyera m'botolo kuti mapiritsi asamagundane. Kapaketi kapena kachitini kakang'ono kamene mumakapeza m'katimo musakataye: ntchito yake ndi kuyamwa chinyezi, ndipo sikomwa. Botolo likhale lotseka bwino, pamalo ouma, osati padzuwa, osati kubafa, osati pafupi ndi mbaula kapena pansi penipeni pa malata. M'sutukesi yokiya, m'thumba la mapadi, kapena m'kati mwa sokosi ndi malo amene ambiri amawakwanitsa, bola ana aang'ono asafikepo. Popita kutchuthi kapena kumaliro, tengani mapiritsi a masiku amenewo ndi ena awiri apadera m'kabotolo kouma kotseka. Osawamanga pansonga ya chitenje kapena kuwaika m'thumba la jinzi, chifukwa thukuta limawawononga. Pepala la pabotolo ena amalimatula. Ngati mwatero, lembani penapake tsiku limene mankhwala adzathere mphamvu.

Kenako ganizirani munthu mmodzi woti adziwe. Amene amamwa mobisa kwa aliyense amadumphitsa tsiku lililonse limene m'chipinda muli anthu. Akhoza kukhala mkulu wanu, azakhali, kapena mnzanu wosunga pakamwa. Mukamuuza, yambani ndi chimene iye akuopa: "Ndinayezetsa, ndilibe kachilombo. Awa ndi oteteza kuti ndisakatenge."

Makolo akalipeza okha, mantha awo oyamba amakhala akuti mwana wawo akudwala, achiwiri akuti wayamba uhule. Kukana kapena kunama kuti ndi a mnzanu kumangokulitsa nkhani. Mawu ngati awa amathandiza: "Amayi, si ma ARV ayi. Ndilibe kachilombo, ndipo ndikufuna ndikhale choncho. Ngati mukukayika, tiyeni tipitire limodzi kuchipatala akakufotokozereni." Anamwino ambiri amavomera kulankhula ndi kholo mukawapempha, ndipo kholo limamva msanga zochokera kwa munthu wovala yunifolomu. Kwa makolo amene mukuwerenga: mwana amene mwamupeza ndi PrEP wachita chinthu chanzeru. Mukamulanda botololo simunamuletse kugonana, mwangomuchotsera chitetezo.

Nkhani ya bwenzi ndi yovutirapo. Ena amaona PrEP ngati umboni wakuti simukuwakhulupirira, kapena kuti inuyo muli ndi wina. Palibe lamulo lokukakamizani kumuuza. Ngati ndi munthu womva, muuzeni pa nthawi yabata, osati pakati pa mkangano kapena pogona, ndipo mupempheni mukayezetse limodzi. Iyenso akhoza kuyamba PrEP. Koma ngati anakumenyanipo, amakuopsezani, kapena amafufuza foni ndi chikwama chanu, musamuuze, ndipo musasunge botolo kumene iye amafika. Uzani anamwino zimenezi mosabisa, chifukwa zimasintha uphungu wawo: jakisoni kapena kamphete zingakuyenereni kuposa mapiritsi, ena amasungitsa botolo kwa mnzawo kapena kuntchito, ndipo akhoza kukulumikizani ndi a Victim Support Unit kupolisi ngati mukufuna.

Ophunzira a sukulu zogonera komweko awerengeretu masiku a teremu. Botolo limodzi limakhala ndi mapiritsi 30, teremu imapitirira pamenepo. Uzani achipatala tsiku lotsegulira ndi lotsekera kuti akupatseni okwanira kapena akulembereni kalata yokatengera pafupi ndi sukulu.

8. Bwererani pa tsiku lake

Ulendo woyamba wobwereza ndi wa pakatha mwezi umodzi, ndipo ndi wofunika kuposa onse, chifukwa ndi pamene kachilombo kamene kanabisala poyamba paja kamaonekera. Kuchoka apo mumapita pa miyezi itatu iliyonse kukayezetsa ndi kutenga mankhwala. Pitani kudakali mapiritsi a sabata imodzi, kuti mukapeza atha pachipatalapo mukhale ndi nthawi yofufuza kwina. Kachipangizo kodziyezera nokha m'kamwa ka OraQuick n'kothandiza pakatikati, koma kakaonetsa mizere iwiri pitani kuchipatala akatsimikize.

Mukaiwala piritsi n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani pompo. Mukakumbukira mawa lake, imwani limodzi la tsikulo n'kupitiriza. Musamwe awiri pofuna kubweza. Kuiwala tsiku limodzi mwa apo ndi apo sikugwetsa chitetezo chonse. Kudumphitsa masiku angapo pasabata kumachigwetsa, makamaka kwa atsikana. Ngati mwadumphitsa masiku angapo ndipo mwagonana popanda kondomu, pitani pasanathe maola 72 mukafunse za PEP. Anamwino akafunsa kuti mwaiwala kangati, nenani nambala yeniyeni. Sakupatsani chilango, koma akadziwa akhoza kukusinthirani njira.

Obayitsa jakisoni asunge tsiku lawo mosamala. Wa cabotegravir amalola kusuntha ndi masiku 7 kutsogolo kapena kumbuyo, wa lenacapavir masabata awiri. Mukadziwa kuti mudzakhala paulendo, nenani pasadakhale kuti akubayeni msanga kapena akupatseni mapiritsi oti mumwe podikira.

9. Siyani mwadongosolo, yambiraninso mwadongosolo

PrEP si ya moyo wonse. Ndi ya nyengo imene muli pachiopsezo. Chibwenzi chikatha, mukasiya zogonana, kapena inu ndi mnzanu mukayezetsa limodzi n'kukhulupirirana, mutha kusiya. Koma simusiya m'mawa wotsatira tsiku limene mwagonana komaliza, chifukwa kachilombo kakhoza kukhala kakadali m'njira ndipo mankhwala akufunikabe kuti akamalize. Malangizo a WHO a 2022 amati mkazi apitirize masiku 7 kuchokera pa tsiku lomaliza kugonana, mwamuna masiku awiri. Zipatala zina zimauzabe anthu kuti apitirize masiku 28 monga zinalili kale. Tsatirani zimene chipatala chanu chanena. Masiku owonjezerawo sakupwetekani.

Amene ali ndi hepatitis B asasiye payekha. Mapiritsi a PrEP amalimbananso ndi kachilombo ka matendawa, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumatha kudzutsa kutupa kwa chiwindi.

Jakisoni ali ndi vuto lakelake posiya. Mankhwala amatsalira m'thupi pang'onopang'ono kwa chaka kapena kuposerapo, ochepa moti sangakutetezeni koma okwanira kuphunzitsa kachilombo kusamva mankhwala mutakatenga nthawi imeneyo. Mukasiya jakisoni koma mukugonanabe, lowani pa mapiritsi kapena gwiritsani ntchito kondomu nthawi zonse, ndipo pitirizani kuyezetsa pa miyezi itatu iliyonse.

Poyambiranso, musangotola botolo lakale lija m'sutukesi. Ngati munagonana popanda kondomu pa nthawi imene munasiya, mwabwerera pa sitepe 4: yezetsani kaye, nenani za masabata apitawo, onani tsiku lothera mphamvu pabotolo, kenako werenganinso masiku 7. Mutha kusiya ndi kuyambiranso kangapo m'moyo wanu, ndipo achipatala sakuyenera kukudzudzulani pa chimenecho.

Magazi akadzapezeka ndi kachilombo muli pa PrEP, siyani mapiritsiwo tsiku lomwelo ndipo uzani achipatala mtundu umene munkalandira, tsiku limene munayamba ndi masiku amene munadumphitsa. Adzatsimikiza zotsatirazo ndi zipangizo zina n'kukuyambitsani ma ARV a mankhwala atatu, kawirikawiri tsiku lomwelo, ndipo mbiri imene mwawapatsayo ndi imene idzawathandize kusankha oyenera ndi kudziwa nthawi yoyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi anu.